Disiki ya Alamu

Seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosunga zonse za chipatala, inali itayaka kuyambira m'mawa, ikung'ung'udza pa tebulo, koma Namawaya anali asanadine kalikonse. Pa sikirini panali funso limodzi: disiki yonse ikhale chinthu chimodzi, kapena idulidwe m'zigawo? Yankho ankalidziwa. Chomwe chinamuumitsa manja anali bambo amene anakhala kumbuyo kwake, akusenda lalanje ndi chikhadabo.

Bamboyo anali mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, komanso bwana wa zamakompyuta pa chipatala chaching'onocho. Ndiye anamuphunzitsa ntchito, ndiyenso anamulankhulira kuti alembedwe. Ngakhale dzina loti Namawaya linachokera kwa iyeyo, poti mtsikanayo sankayenda popanda mawaya m'chikwama.

Lolemba la sabata yapitayo seva yakale inangoti zii odwala atadzaza pabwalo. Mlamuyo anaikonza zaka zinayi m'mbuyomo osaigawa. Mapulogalamu, mbiri za odwala, ndi malogi, zolemba zija makina amadzilembera okha osapuma, zonse zinali pamodzi. Malogi anachulukana mpaka kudzaza disiki, mbiri za odwala zinakana kutseguka, ndipo mzere wa pa zenera la mankhwala unakafika ku geti. Namawaya anaona mayi wina wa matenda a shuga atakomoka pa benchi, anamwino akumukupiza ndi chikuto cha faelo. Madzulo ake mlamu anauza adokotala aakulu kuti vuto linali magetsi. Namawaya anali pomwepo, ndipo anangoyang'ana nsapato zake.

Tsopano Namawaya anatembenuza mpando n'kupatsa mlamuyo pepala lomwe anajambula ndi pensulo. Chigawo choyamba chinali cha mapulogalamu, chachiwiri cha malogi okhaokha, chachitatu chachikulu cha mbiri za odwala, ndipo kumapeto anasiya malo osagwira kuti adzawonjezere komwe kudzachepe.

"Alamu, malogi akhale kwaokha. Akafuna kudzaza, adzaze kwawo."

Mlamu anaseka, nati nyumba ya chipinda chimodzi imalera ana khumi osadandaula, nanga iye akumanga makoma a chiyani. Anamuuza kuti adine msanga akadye, akazi ophunzira masiku ano amafuna kugawa ngakhale mpweya. Masiku ena Namawaya akanabweza nthabwalayo, poti pa chilamu ankatukwanizana mpaka misozi. Tsiku limeneli sanaseke.

Mlamu ataona choncho anaika lalanje pansi. Anadzuka, natseka chitseko, n'kuyamba kulankhula motsitsa. Adokotala aakulu anali atalamula kuti dongosolo la seva yatsopano lilembedwe, chilichonse ndi chifukwa chake, ndipo iwo sanali munthu wosaina asanawerenge.

"Ukalemba chifukwa chogawira, walemba dzina langa," anatero mlamuyo. "Zikandivuta, mkulu wako ukamuuza kuti chiyani?"

Mawuwo anamulasa. Mkulu wakeyo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ndipo mpaka pano ankamusungira chakudya pa mbale yovundikira. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Namawaya anaganiza zongogawa mwakachetechete n'kulemba chifukwa china chonamizira, koma anadziwa kuti bodza la magetsi linali litabala kale mwana: achipatala anali ataitanitsa mabatire atsopano, ndipo aliyense ankakhulupirira kuti vuto latha. Ku nthambi ina ya chipatalacho kunalinso seva yokonzedwa ndi dzanja lomwelo, yosagawa, ikudzaza tsiku ndi tsiku popanda woiyang'ana.

Anatembenukira ku kiyibodi. Analemba kukula kwa chigawo chilichonse, nawerenga kawiri, n'kudina. Makina anafunsa ngati watsimikiza, iye anavomera. Kenako anatenga pepala loyera n'kulemba zifukwa m'mizere itatu, osakometsa, osatchula munthu: disiki yakale inadzaza ndi malogi chifukwa inali yosagawa, ndipo ya ku nthambi ili chimodzimodzi.

"Kaperekeni inuyo kwa adokotala, alamu," anatero Namawaya. "Mukanena nokha, adzati munthu waphunzira. Akazipeza okha, adzati ndinu wabodza, ine n'kukhala mboni yanu."

Mlamu anawerenga ataimirira. Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuona mlendo, kenako anapinda pepalalo pakati n'kutuluka nalo. Namawaya anasuzumira pakhonde mpaka anamuona akugogoda pa ofesi ya adokotala.

Mlamu anakhalako pafupifupi ola lathunthu. Pobwera sananene zomwe zinakambidwa. Anangoti mawa m'mamawa Namawaya apite ku nthambi akagawe inayo, natenga makiyi a galimoto pa msomali. Tsiku lililonse ankabwerera limodzi kunyumba, koma nthawi yoweruka itakwana, Namawaya anapeza pamalo poimika galimoto pali mbee.

Anayenda wapansi kukakwera basi. Ali pa siteji foni inalira, dzina la mkulu wake likuwala. Anaisiya mpaka inaduka. Inaliranso, naisiya. Kachitatu anayankha.

"Ndikumva, achemwali. Ndikubwera konko, tikambirane pamaso."