Ndiwo Zopanda Mchere za Modesta

Alamu anga a Jailos anali mkulu wa mpingo kwathu ku Nsaru, katswiri wodzudzula zachikunja pa Sabata mpaka thovu kukamwa. Chaka cha 1954, fodya atangolowa m'chigafa, miyendo yawo inayamba kutupa. Akayenda pang'ono ankapuma wefuwefu ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Mkazi wawo Modesta, amene ndi mkulu wanga, anawaperekeza kuchipatala cha mishoni. Dokotala anadina mwendo ndi chala, pamalopo n'kutsala kadzenje. Anati mtima wafooka, sukupopa bwino magazi, n'chifukwa chake madzi akudzadza m'thupi. Anawapatsa timapiritsi toyera, nawauza kuti khasu alisiye ndipo mchere asaulawenso.

Modesta anamvera zonsezo. Patatha milungu itatu, nsapato za kutchalitchi zinayambanso kulowa.

Ndiye kunatulukira alongo awo a bambowo, a Ezeliya a ku Kabudula, mayi wodziwa matenda onse a m'dziko muno ngakhale sanapondepo pakhomo la chipatala. Anafika nthawi ya chakudya cha masana, analawa nkhwani n'kulavulira pambali.

Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa. Matendawo amawatcha tsempho. A Ezeliya sanafunenso umboni wina.

"Kodi alamu, mcherewu mukuuoperanji?" anafunsa iwo. "Mwawatupitsa kale achimwenewa, lero ndiye mwachenjera, eti?"

"Analetsa ndi adokotala," anayankha Modesta. "Akuti ndi mtima."

"Adokotala anuwo tsempho analionera kuti?"

Modesta anayang'ana mwamuna wake. Bambowo analipo pamene dokotala ankayankhula, anamva ndi makutu awo, ndipo mawu amodzi okha akanamuyeretsa mkazi amene anakhala naye zaka makumi awiri. Koma mkulu wa mpingo uja, woopedwa ndi afiti paguwa, anangoyang'ana zikhadabo zake.

"Izi ndi nkhani za azimayi," anatero. "Ine sindingalowererepo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinawanyoza alamu angawo, ndipo sindinaleke.

M'mawa mwake a Ezeliya anawakweza m'ngolo kuti akawasamalire kwawo. Modesta anathamangira ngoloyo, timapiritsi tija titamangidwa pakansalu. A Ezeliya analandira ndi zala ziwiri n'kutiponya m'tchire, poti amati chilichonse chochoka m'manja mwa Modesta chinali chodetsedwa. Kuchitsime azimayi anayamba kusiya nkhani Modesta akamafika.

Ku Kabudula odwala anadyetsedwa bwino ndithu. Usipa wouma, nyama yofutsa, mchere wothiridwa ndi manja oyera a mlongo wawo, katatu pa tsiku. Miyendo inatupanso, mimba nayo inatsatira. A Ezeliya anati onani mphamvu ya tsempho, lawatsata mpaka kuno. Patatha miyezi iwiri a Jailos anamwalira ali chikhalire pampando, chifukwa akagona mpweya unkawathawa.

Kumaliro ndinapita ndi Modesta. Anatikhazika kutali, pansi pa mtengo wa mango, ndipo analetsa Modesta kuti asayandikire miphika. Mtsikana wina anatibweretsera mbale ya nyemba. Modesta analawa kamodzi n'kuika mbaleyo pansi.

"Ndi mmene ankawathirira mchere chonchi?" anandifunsa.

Apo ndi pamene anayamba kulira.