Machubu a Mayi Otilia

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Sebastiano ankasamalira sola yotenthetsera madzi pa nyumba ya alendo ya Mayi Otilia ku Bangula. Madzi a mjigo kumeneko ndi amchere, ndiye pakatha miyezi itatu ankakwera padenga, n'kusolola machubu agalasi makumi awiri, n'kuwatsuka mkati ndi viniga. Mayi Otilia ankangodandaula za mtengo wa vinigayo. Tsiku lina paipi ya kopa itasowa, anamutchula mbava pamaso pa ogulitsa nsomba, ntchito n'kuipereka kwa mlamu wawo Leonard. Paipiyo inapezeka patatha sabata pansi pa matumba a simenti, koma palibe anapita kumsika kukanena. Anthu anasiya kumuitana m'makomo mwawo. Anayamba kumata matayala a njinga pansi pa mtengo wa nimu, tsidya la msewu.

Mu Okutobala mchere unatseka sola ija. Leonard anakhetsa madzi onse m'mawa, natsuka machubu, n'kuwabwezera ali ouma. Masana anawoloka msewu kudzapopetsa tayala.

"Achimwene, ndatsuka ndekha," anatero. "Si za sukulu izi. Ndikangodya nditsegulira madzi."

Sebastiano anayang'ana padenga. Chubu chouma chikakhala padzuwa la kuchigwa chimapsa kuposa chiwaya, ndipo madzi ozizira akachikhudza chimaphulika. Iye ankathira madzi dzuwa lisanatuluke.

"Masana ano?" anafunsa.

"Alendo a bungwe akufika madzulo. Pali vuto?"

Sebastiano anadina tayala ndi chala chachikulu, nthawi yaitali ndithu.

"Nkhabe, palibe. Mpweya wakwana."

Itakwana wani koloko kunamveka phokoso ngati kireti ya mabotolo yagwa m'lole. Nthunzi inakwera padenga, magalasi akutsetsereka pamalata. Leonard anatsika makwerero ali bwinobwino, akutukwana amene anapanga machubuwo.

Mayi Otilia anawoloka msewu, chitenje chili m'manja, n'kuima pamaso pa Sebastiano.

"Bambo a Pempho, munaona zonsezi muli chikhalire?"

"Ndinaona, mayi. Nanga mbava ingalangize ndani?"

"Atsala machubu asanu ndi awiri. Ena ndiitanitsa ku Blantyre, kaya ndigulitsa ng'ombe. Kwerani mukaone ngati thanki yapulumuka."

"Padenga panu pali kopa. Ndikuopa."

"Inapezeka paipi ija. Mukudziwa inunso. Pepani."

"Pano pali ine ndi njinga, mayi. Mawu aja munawanenera kumsika."

Mayi Otilia anayang'ana denga lawo, kenako mashedi a nsomba kumene anthu anali atadzuka kale kuonerera. Anamanga chitenje n'kuyamba kuyenda kulowera kumsika.

Sebastiano anapukuta manja mosafulumira, nawatsata pambuyo. Atafika, anapempha mayi wogulitsa mlamba kuti atsitseko wailesi.