Makina Opimira pa Mkono

Kapu inaswekera pakhoma, tiyi n'kuyenderera mpaka pansi. Mzime sanatembenuke. Anapitiriza kupinda zofunda za anthu obwera pamaliro, amene anali atabalalika dzulo lake.

"Ndikufunsa iwe! Kalata iyi ndi yachiyani?"

Anali Chisamba, mchimwene wake, munthu wa bucha amene ngakhale moni ankapereka ngati akudula fupa. Kalatayo anaipeza m'chikwama cha Mzime. Inachokera kuchipatala kumene malemu bambo awo ankapita mwezi ndi mwezi, ndipo inkapempha ana awiriwo kuti akayezedwe tsiku lomwelo, poti nthendayo nthawi zina imayenda m'banja.

"Achimwene, adokotala anafotokoza bwinobwino. M'magazi mwa ababa munali timafuta tating'onoting'ono totupitsa mitsempha ya m'mapapo. Njira ikachepa, mtima umakankha mpaka kutopa. Magazi ankawatengawo ankafuna kuona timafutato."

"Timafuta! Munthu woonda ngati chingwe cha nsapato? Usandiphunzitse za mafuta ine, ndimawadula tsiku ndi tsiku. Munawapopa magazi mpaka kuwatha, iwe ndi madokotala akowo. Lero ukufuna akapopenso anga?"

"Ine ndipita."

"Mwendo wako sutuluka muno."

Mzime ankadziwa pamene panali chilonda. Bambo awo atayamba befu, Chisamba anagula makina opimira kuthamanga kwa magazi, aja omanga pa mkono. M'mawa uliwonse asanatsegule bucha ankadzera kunyumbako, n'kuwapima. Ndipo m'mawa uliwonse makinawo ankati zonse zili bwino. "Mukuona? Muli gwa inu. Ndi ulesi wa ukalamba umenewo." Choncho anawalamula kuti azikwera masitepe a nyumba yosanja imene ankakhalamo kawiri pa tsiku, thupi limasuke. Nkhalambayo, imene inatha moyo wake wonse ikusoka nsapato za anthu osakangana ndi aliyense, inkakwera. Inagwera pa sitepe yachisanu ndi chiwiri, osadzukanso.

Chala sichiloza mwini. Mzime akanatha kukhala chete, koma pakamwa pake panali potengera kwa mchimwene yemweyo.

"Makina anuwo amapima mkono. Vuto linali m'mapapo. Amene anawakweza masitepe si ine."

Mbama inamugwetsera pa kabati. Mbale zinakhuthukira pansi. Asanadzuke, Chisamba anamugwira pakhosi pa diresi n'kumumenyetsa kukhoma, kamodzi, kawiri, maso ali psuu. Mayi awo anatuluka kuchipinda akukuwa, "Mundiphera mwana! Manda sanaume!" Chigongono cha Chisamba chinawakankhira pampando. Apo Mzime mantha anamuthera. Dzanja lake linapeza nsimbi pa thebulo, n'kuigwetsa pamphumi pa mchimwene wake. Magazi anatsika kudutsa diso mpaka m'kolala.

Mzime anafuna kuikwezanso, koma mkono unakana. Mpweya unatha. Anakhala pansi pakati pa zidutswa za mbale, pakamwa yasa, chifuwa chikukwera ndi kutsika popanda cholowa. Miyezi itatu anakhala akubisa zimenezi, akumaima pa masitepe ngati akuyankha foni. Tsopano panalibe pobisala, ndipo anaopa kwambiri.

"Taonani milomo yake," mayi ananong'ona. "Yada ngati ya abambo ake."

"Akunamizira," anatero Chisamba, koma mawu anatuluka opyapyala. Anathamangira kuchipinda, n'kubwera ndi makina ake. Anagwada pa zidutswa zomwezo, anamanga lamba pa mkono wa mlongo wake, n'kudina. Magazi a pamphumi ankadontha pa galasi, iye akupukuta ndi chala chachikulu. Lambayo anafufuma, kenako anaphwa. Manambala anatuluka okongola, omwe aja ankatuluka m'mawa uliwonse.

Chisamba anayang'ana manambalawo. Anayang'ana Mzime, amene anali wefuwefu, kulephera ngakhale kumutukwana. Anapimanso. Makina anabwereza zomwezo, opanda manyazi.

Anawanyamula ndi manja awiri n'kuwamenyetsa pansi. Anawapondaponda mpaka mabatire anagubudukira kunsi kwa kabati, ndipo atasowa chophwanya anayamba kumenya khoma ndi chibakera, khungu la zala likusupuka. Kulira kwake kunali koipa, kwa munthu amene sanazolowere.

"Ndinawapha ine. Amayi, ndinawapha."

Mayi sanamutsutse, sanamuvomerezenso. Anatsegula zenera, anakhazika Mzime tsonga, n'kumamupepesa ndi chivundikiro cha poto mpaka mpweya unayamba kulowa pang'onopang'ono.

"Abambo ako ankadziwa kuti makinawo saona kanthu," anauza Chisamba osamuyang'ana. "Adokotala anawauza tsiku loyamba lomwe."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinawafunsa. Anati, 'Ndikamuuza asiya kubwera m'mawa.' Zaka zingati iwe usanakhale nawo pansi, ngakhale kuwagwira dzanja?"

 Chisamba anatola kalata ija, imene inali itanyowa ndi tiyi, n'kuiwongola pa bondo.

"Akuti nthawi yanji?"

"Isanakwane thwelofu," Mzime anayankha movutika. Sanamukhululukire, ndipo tsaya linkamuyaka, koma masitepe sakanatsika yekha.

"Ndikubereka. Usatsutse."

"Upita choncho, ngati wachokera kophera ng'ombe?" anatero mayi. "Dikira."

Analowa kuchipinda n'kubwera ndi malaya oyera a malemu, amene anali pa msomali kuseri kwa chitseko kuyambira tsiku lija. Mkono wakumanzere unali wopindidwa bwinobwino mpaka pamwamba pa chigongono. Bambowo ankaupindiratu m'mawa uliwonse asanamve kugogoda kwa Chisamba.

Mayi anayamba kuupindulula. Anafika pakati, analeka. Anaupindanso monga unalili, n'kumupatsa Chisamba kuti avale.