Chigoba cha Fyuluta

A Mawaya anali kuseri kwa nyumba, akutikita kolala ya malaya awo a kutchalitchi m'beseni, pamene mwana wamkazi wa Aphunzitsi, amene anali namwino, anatulukira pa ngodya.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, mama. Kaya kunyumbako?"

Namwino anayandikira. Anaona mmene manja a mkuluyo ankanjenjemera, ndipo anawerama, natenga malayawo, kuwafinya, kuwakung'untha n'kuwayanika pa chingwe. Atapukuta manja m'pamene anayankhula.

"Kunyumba kulibe mtendere. Wailesi ya ababa ija yabwera kuchokera kwa mwana wanu, koma bola mmene inalili. Lero ndi tsiku lachitatu osamva Mawu a Mulungu."

A Mawaya anakonza mawailesi zaka makumi atatu. Manja atayamba kuwakana, anasiyira shopu mwana wawo, amene anthu ankamutcha Changu chifukwa kwa iye chilichonse chinali "bwerani pakatha ola." Aphunzitsi anali kasitomala wawo wakalekale. Chichitireni khungu, mkuluyo ankadzuka m'mawa uliwonse n'kutchera khutu ku siteshoni ina ya kutsidya kwa nyanja, ya pa shotiwevu, mafunde ofika kutali aja, imene inkawerenga Malemba pang'onopang'ono. Tsono chaka chino panabwera siteshoni ina pambali pake penipeni, ya nyimbo zaphokoso, ndipo inayamba kulowerera.

Mankhwala ake a Mawaya ankawadziwa. M'kati mwa wailesi mumakhala fyuluta, kabokosi kochepa ngati chala chaching'ono, ndipo ntchito yake ndi ya sefa: kulola siteshoni imodzi kudutsa, zinzake zoyandikana n'kutsala kunja. Yotakasuka imatulutsa mawu okoma koma imalowetsa ndi anansi omwe. Yopapatiza kwambiri imatsina mawu mpaka wowerenga kumveka ngati wachimfine. Masiku apitawo a Mawaya anali atalangiza yapakatikati, ndipo ndi iwo omwe anati, "Pititsani kwa mwana wanga, dzanja lake ndi langa."

Anavala jekete, nanyamula kachikwama kawo ka zipangizo.

Aphunzitsi anawapeza atakhala pafupi ndi zenera, wailesi ili pa katebulo, yofundidwa kansalu koluka. Atamva mapazi anamwetulira.

"Ameneyo ndi Mawaya. Nsapato ya kumanzere imakhwekhwereza."

"Makutu anuwo, Aphunzitsi, mukanakhala wapolisi bwenzi tonse tili m'ndende."

"Makutu omwewo ndi amene akuzunzika. Tayatsani mumve nokha."

Anayatsa. Wailesi inabangula moti galasi la kabati linanjenjemera. Munali ng'oma, munali mayi wina wotsatsa sopo m'chinenero chachilendo, munali likhweru losalekeza, ndipo pansi pa zonsezo, ngati munthu wogwera m'chitsime, munkamveka mawu a wowerenga Malemba. A Mawaya anapotoza kagudumu pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere. Ng'omazo zinkangowatsatira.

"Mwanayo anati waikamo fyuluta yatsopano, ya kunja," anatero Aphunzitsi. "Anandigwiritsa ndi chala. Mwina vuto ndi ineyo, ukalamba."

Namwino anagwirizira wailesi kuti isasunthe pamene a Mawaya ankalimbana ndi masikuluwu. Chivundikiro chitachoka, kunatuluka fungo la fumbi lopsa ndi mphemvu. Ziwiri zinathawira pansi pa katebulo. Ina inali itauma pa waya, miyendo m'mwamba, ndipo mazira ake anali ndandanda m'mphepete mwa bolodi lokhala tizipangizo. Munthu anatsegula wailesi imeneyi masiku anayi apitawo osapukutamo ngakhale ndi kansanza.

Fyuluta yatsopano ija inalipodi, yonyezimira bwino. Anaikhudza ndi nsonga ya sikuludiraiva, ndipo inagwedezeka. Anaikoka. Inazuka ndi ulusi wotuwa wonanda, ndipo atainunkhiza anamva fungo la timbewu tonunkhira. Chingamu. Chotafuna munthu, n'kuchilavula, n'kumatira. Kabokosiko kanali chigoba chabe, miyendo yodulidwa, kosalumikizidwa ku chilichonse. Pansi pake, pamalo pamene pankayenera kukhala fyuluta, panali kakapasita kamodzi, kachipangizo kakang'ono ka miyendo iwiri, kolumikiza mbali ziwiri za malowo ngati mlatho, kuti chilichonse chingodutsa. Ndipo kuti mwini wake amve ngati pasintha kanthu, wina anapotokola kasikuluwu ka mphamvu mpaka kumapeto.

A Mawaya anapukuta zala pa buluku, kupukutanso, koma kunanda sikunachoke. Munthu wosaona, kumugwiritsa chala pa malovu ako! Mumtima anati, Ambuye, gwirani lilime langa. Koma anali atagamula kale: kiyi wa shopu alanda lero lomwe, ndipo chikwangwani chokhala ndi dzina lawo achitsitsa ndi manja awo onjenjemerawo.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa Aphunzitsi.

"Tikuonabe. Mama, tamuimbireni mwana wanga. Muuzeni atseke shopu abwere."

Namwino ataimba foni anabwera ndi madzi m'kabeseni ndi kasopo, nawaika pafupi ndi a Mawaya.

Changu anafika thukuta lili kamukamu, pensulo ili kukhutu. Anapereka moni mwaulemu, koma ataona wailesi ili chotsegula ndi chigoba chili pa nsalu, anaima pakhomo ngati wapondwa ndi galimoto.

"Tiye panja," anatero bambo ake, atanyamula wailesiyo.

Anaiika pa khonde, padzuwa. Anayankhula motsitsa kuti m'nyumba asamve.

"Ichi n'chiyani?"

"Ababa, fyuluta yapakatikati sikupezeka. Ndafunsa konse. Ndimati ikabwera ndidzaika."

"Ndiye unaona kuti chingamu ndiye fyuluta? Ndevu zonsezi? Ngakhale galu amabwerera masanzi ake, koma sapatsa mnzake kuti agwire."

"Chingamucho ndalakwa, sindikana."

"Nanga fyuluta yawo yakale ija waipititsa kuti? Wagulitsa kwa yani? Unazula chinthu chabwinobwino n'kuikapo kakapasita, ngati wakuba wa pamsika. Bweretsa kiyi."

Changu anatulutsa kiyi m'thumba, koma sanapereke.

"Ababa, ine sindinazule kanthu. Kakapasitako ndinakapeza."

"Usandiyese mwana."

"Valani magalasi muone mtovu wake."

A Mawaya anavala magalasi, nawerama. Mtovu wowotcherera dzulo umawala. Uwu unali wotuwa, wakale, fumbi litamera pamwamba. Ndipo miyendo ya kakapasitako inali yopindidwa ngati mbedza isanawotchereredwe. M'tauni monse munali munthu mmodzi yekha wopinda miyendo chotero, ndipo ankanyadira kuti zake sizizuka.

"Nditatsegula ndinadziwa dzanja lake," anatero Changu. "Ndikanawauza chiyani Aphunzitsi? Kuti wailesi yanu ilibe fyuluta chifukwa bambo anga anachotsa? Ndinasokonezeka mutu, ndinangomata chigobacho kuti ndipeze nthawi."

A Mawaya anakumbukira zonse. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo Aphunzitsi anabweretsa wailesiyi kuti aikonze switchi. Sabata imeneyo fyuluta ya wailesi ya a Mawaya eni ake inali itafa, ndipo ya Aphunzitsi inali ya mtundu womwewo, yabwino kuposa. A Mawaya anati angoibwereka mpaka katundu atabwera. Masiku amenewo siteshoni ya Malemba inali yokha pamalo pake, ndiye kakapasita kanakwanira, kungoti mawu ankabwera ndi mluzu ndi mphepo. Aphunzitsi ankati ndi mmene shotiwevu imakhalira, nayamikira kuti wailesi yabwera yamphamvu. Katundu anabwera, miyezi inadutsa, nkhaniyo inagona. Ndipo m'mawa uliwonse wa zaka zonsezo a Mawaya ankamva nyimbo zauzimu zoyera mbee m'chipinda mwawo, akupemphera maso ali chitsinzinire, kudzera m'fyuluta ya munthu wakhungu.

Anakhala pansi pa sitepe. Zala zija zinkanandabe.

"Bweza kiyi m'thumba," anatero. "Pita kunyumba. Wailesi yanga ili pa mutu pa bedi. Ubwere nayo, ndi chowotcherera. Ubwerenso ndi kaburashi, tichotse nyansizi."

"Tingoika mwakachetechete, ababa. Sadziwa. Tidzati katundu wafika."

"Wanamiza kale kamodzi chifukwa cha ine. Zakwana."

Changu anapita. A Mawaya anatsala pa sitepe kanthawi, akupemphera chamumtima. Kenaka anadzuka, nalowa m'nyumba. Namwino anawakokera mpando, koma iwo anaupitirira, nagwira m'mphepete mwa katebulo, natsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse awiri anafika pa simenti.

"Mawaya, mwagwa?" anafunsa Aphunzitsi, akupapasa m'mwamba ndi dzanja.

"Sindinagwe, ndagwada. Fyuluta yanu ikubwera, si yapakatikati ija ayi, koma ndi yanuyanu, ndipo ng'omazo izichepetsa ndithu. Sanachotse ndi mwana wanga. Ndinachotsa ndine, chaka chija munabweretsa switchi, ndipo yakhala m'wailesi mwanga mpaka lero. Mluzu wonse mwakhala mukumva zaka zonsezi ndi wanga." Anakweza mawu kuti ndi namwino yemwe amve. "Aphunzitsi, ndinakuberani. Ndikhululukireni."