Uvuni wa NyaLungu

"Ndinatsuka, inde. Nanga ndikanatani? Limanunkha ngati masese."

Charlotte anayankha osasiya kupukuta mbale. Kezia anali chiimire pakhomo la khitchini, botolo lalikulu lagalasi lili m'manja. Linali loyera mbee. Chiyambire ubwana wake, botolo limenelo linkakhala kuseri kwa chitini cha ufa, lovindikira ndi kansalu, m'kati muli phala lotuwa lochita thovu. Mayi ake, NyaLungu, ankalithira ufa ndi madzi ofunda masiku atatu alionse, ndipo phala limenelo ndilo linkatupitsa buledi wawo.

"Munataya liti, mlamu?"

"Lachiwiri, anthu atadzaza pano. Azimayi ophika amafuna poika shuga. Mbwenu ndinakhuthulira kudzala."

"Osafunsa?"

"Ndifunse ndani? Mwini wake anali m'bokosi."

NyaLungu anagwa pabwalo Lolemba m'mawa, chidebe cha madzi chili kumutu, ndipo sanadzukenso. Anamuika Lachitatu. Tsopano linali Lachisanu, ndipo Lamulungu kunali mgonero ku tchalitchi cha m'mudzi mwawo, panjira ya ku Luwawa. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi mkate wa mgonero unkachokera mu uvuni wa njerwa wa kuseri kwa khitchini iyi. Akuluampingo atabwera kudzapepesa Lachinayi, ananena mwaulemu kuti banja lisavutike, akagula buledi ku Jenda. Bambo ake a Kezia, a Chikomeni Mkandawire, amene chiikire maliro anali asanalankhule mawu oposa awiri, anadzutsa mutu.

"Ufa NyaLungu anagula kale, mapaketi awiri. Mkate uchokera muno. Mwana wake alipo."

Maso onse anatembenukira kwa Kezia. Iye anati, "Yewo, Adada," chifukwa pamaso pa anthu panalibe yankho lina.

Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ankagwira ntchito ya mu ofesi ku Mzimba boma, ndipo buledi ankamudziwa ali m'pulasitiki. Sanapisepo dzanja mu ufa wa tirigu. Ali wamng'ono ankati akasendera pa uvuni, fungo litamukoka, mayi ake ankatenga nsalu yogwirira zitini n'kumukwapula nayo m'miyendo. "Choka apa! Utsi ulowa m'mabuku. Pita ukawerenge." Iye ankathawa akuseka, akukondwa kuti wapulumuka ntchito pamene anzake akusinja.

Mchimwene wake Brave, mwamuna wa Charlotte, anapita panjinga yamoto ku Jenda n'kubwera ndi timapaketi ta yisiti. Charlotte anapeza pafoni mayi wachizungu akukanda ufa patebulo loyera. Atatuwo anaunjikana pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe netiweki imagwirako.

"Akuti uvuni ufike madigiri 220," anatero Charlotte.

"Batani la madigiri lili pati pa uvuni wa Amama?" anafunsa Brave. "Kapena lili kuseri, komwe kumaikira nkhuku?"

Mzungu uja anauma pafoni, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba. Netiweki inali itapita.

Pamkeka, pakhonde la khitchini, panakhala ankhazi Esme, mlongo wawo wa a Mkandawire, akusenda nyemba ndi kuonerera zonse.

"Ankhazi, inu munkawaona Amama akuphika. Madzi amakhala ochuluka bwanji?"

"Ine za tirigu ayi, mwana wanga. Ndifunse chigumu, ndikuphikira nditatsinzina. Koma chigumu pagome la Ambuye? Mlamu wanga anaphunzira kwa bambo ake, amene anali khukhi ku Luwawa. Botolo lija linachokera kumeneko. Linali lalikulu kuposa iwe m'zaka." Anayang'ana Charlotte. "Lapirira njala ziwiri, koma mkamwana m'modzi lamulephera."

Charlotte anamenyetsa mbale m'beseni n'kulowa m'nyumba.

Kezia anathira madzi otentha, poganiza kuti akatentha chomene ufa utupa msanga. Anakanda mpaka mapewa kuwawa, anavindikira beseni, n'kuliika padzuwa. Anakasuzumira patatha ola. Anakasuzumiranso dzuwa litapendeka. Ufa unangoti phwathalala pansi pa beseni, wolemera ngati dothi loumbira mbiya. Madzulo Brave anakaupereka kwa nkhumba za aneba. Paketi imodzi ya ufa inathera pomwepo.

Loweruka Kezia anadzuka nkhuku zisanatsike. Ulendo uno madzi anawayesa ndi chala, ofunda chabe. Pofika teni koloko nsalu ya pabeseni inali itakwera ngati mimba. Kezia anaigwira ndi nsonga za zala. Anagawa ufawo m'zitini zitatu zakuda za mayi ake, zopindika m'makona, ndipo anapita kukaitana bambo ake.

A Mkandawire anabwera pang'onopang'ono, jekete la pamaliro likadali m'thupi. Moto ndiwo ankaudziwa. Uvuniwo anamanga ndi iwo, ndipo nkhuni zake ankawaza ndi iwo zaka zonsezo. Anayala zikuni za bulugamu, anayatsa, ndipo bambo ndi mwana anaima akuonera malawi akunyambita njerwa mpaka zinayera m'kati. Kenako anakokolola makala ndi fosholo.

"Tsopano, Adada?"

"Tsopano mayi ako ankalowetsa mkono."

"Kuti atani?"

"Kuti amve ngati wafika."

"Amausiya m'katimo nthawi yaitali bwanji?"

Nkhalambayo inayang'ana pakamwa pa uvuni nthawi yaitali, ngati yankho lituluka mmenemo.

"Sindinawerengepo. Ine ndinkangoona msana wake."

Kezia anakumbukira Lachiwiri, pamene azimayi ankasambitsa thupi iye atagwira beseni. Mkono wamanja wa mayi ake unalibe cheya ngakhale chimodzi, ndipo kuchokera pachikhatho mpaka pachigongono munali timizere ta zipsera, tina toyera takalekale, kamodzi kofiirira ka mwezi watha. Anali ataudziwa mkono umenewo moyo wake wonse, koma sanafunsepo.

Anapinda dzanja la bulauzi, anagwada, n'kulowetsa mkono. Kutentha kunamuluma nthawi yomweyo. Pofuna kuutulutsa mwachangu anakhudza njerwa ya pakhomo, ndipo khungu linalira ngati nyama yagwera pachiwaya. Sanakuwe. Anangoluma mlomo, misozi ili lengelenge.

"Wafika?" anafunsa bambo ake.

"Kaya, Adada. Ukuotcha basi."

"Kapena tidikire pang'ono."

"Ufa ukusefukira m'zitini. Ukagwa, paketi ina kulibe."

Analowetsa zitini zija, anatseka ndi chilata, n'kutsamiritsa mwala monga ankaonera patali ali mwana. Kwa kanthawi kochepa fungo lija linabwera. Linadzaza bwalo lonse, linalowa m'nyumba, mpaka Charlotte anatuluka n'kuima pakhomo. Ankhazi anasiya nyemba. A Mkandawire anakhala pachitsa, anatsinzina, manja ali pamaondo.

Kenako fungo linasintha.

Pomwe Kezia ankagwetsa chilata, utsi wakuda unali ukutuluka kale m'mbali. Mikate itatu inatuluka yakuda bii ngati mbaula. Anatenga mpeni n'kudula umodzi, akuyembekeza kuti akapala pamwamba m'kati mupezeka choyera chokwana mbale ya mgonero. Mpeni unatuluka utamatirira phala laliwisi. Anadula wachiwiri. Anadula wachitatu.

"Hii," anatero ankhazi. "Sukulu yonse ija. Mwana wa NyaLungu weniweni kulephera mkate umodzi. Mawa azimayi akumpingo adzatiseka mpaka ku Jenda."

Kezia anatembenuka, mpeni udakali m'manja.

"Inu munali kuti, Ankhazi? Zaka makumi atatu mumakhala pamkeka pomwepo, mumalandira kagawo kotentha, mumapaka majarini. Munafunsapo kamodzi kuti mlamu, ndionetseni? Brave wakulira pano, mkazi wake wakhala pano zaka zisanu ndi zitatu. Mudzi wonse umadya. Lero mukufuna ine, amene ankandithamangitsa ngati nkhuku, ndiutulutse m'mutu mwanga?"

"Usandiloze ndi mpeni, iwe. Ndine mlongo wa bambo ako."

"Pepani." Anaika mpeni pansi. Kenako anangokhala pa dothi pafupi ndi zitini.

Brave anakanda kumutu, anayang'ana dzuwa, kenako bambo ake.

"Adada, mashopu atseka faivi. Ndipite?"

A Mkandawire anawerama. Anatola kachidutswa kakuda kamene kanagwera pafupi ndi phazi lawo, anakanunkhiza, n'kukaika m'thumba la jekete. Kenako anagwedeza mutu kamodzi movomera. Njinga inalira n'kutsika ndi msewu wa fumbi.

Inabwerako ndi buledi awiri a m'pulasitiki, odulidula kale, ofewa ngati thonje. Charlotte anawaika patebulo la pakhonde, pambali pa mbale ya mgonero ndi nsalu yake yoyera imene NyaLungu anaichapa ndi kuisita sabata yatha. Palibe anafuna kukhala woyamba kumasula pulasitikiyo.

Kezia anali adakali kuseri. Anagwada pa uvuni akupala zitini ndi supuni, chithuza cha pamkono chitatupa ngati nyemba yonyowa. Anamva mapazi a bambo ake koma sanacheuke.

"Ndikabwerera ku boma ndikafunsa, Adada. Alipo amayi ena amaphika masikono kumsika. Ndizibwera Loweruka lililonse mpaka ndidziwe. Mgonero winawo mkate udzachokera muno."

"Ndionetse mkono."

Anautambasula. Nkhalambayo inaugwira pachikhatho, inautembenuza, n'kuyang'ana chithuzacho ndi khungu losalala lozungulira.

"Ndalakwa ndine," anatero. "Ndimafuna fungo lija kamodzi kokha. Akanakhalapo akananditukwana lero." Anayang'ana pa uvuni. "Tsiku lomwe kalata yako ya ntchito inafika, anali pompano akutulutsa zitini. Anandionetsa mikono yake yonse iwiri, akuti, 'A Mkandawire, izi zithere pa ine.' Ine ndinkayesa akudandaula. Koma ankaseka."

Kezia anabweza mkono wake. Anaweramiranso chitini n'kuyamba kupala mwamphamvu.

Pamsomali wa pakhoma la khitchini panali nsalu ija yogwirira zitini, yakuda m'mphepete, yobooka pawiri. A Mkandawire anaichotsa. Anaigwira kunsonga mosazolowera, n'kumukwapula nayo mwana wawo m'miyendo, mopepuka, kawiri.

"Choka apa," anatero. "Pita ukawerenge."

Kezia anaika supuni pansi n'kuimirira. Pomwe ankakhota pangodya ya khitchini anamva chilata chikukhulika, bambo ake akutseka pakamwa pa uvuni ndi kutsamiritsa mwala.

Pakhonde panalibe buku lililonse. Anakhala patebulo, anakokera buledi uja pafupi, ndipo asanamasule anayamba kuwerenga timalemba ta papulasitiki, mzere ndi mzere, mkono wopsawo atausanjika pa nsalu yoyera ya mayi ake.