Batire Lolumidwa

Ku Nkhudzi konse, achimwene anga a Husseni ndiwo anatsala okha odziwa nyimbo zakale zokokera khoka. Chifuwa chinali chitawatha, koma nditawanyengerera miyezi itatu anavomera kuimba kamodzi kokha kuti ndijambule mawu awo.

Maikolofoni yanga ndi ija yofuna batire lakelake. Lachinayi ndinaikamo latsopano n'kuyesa, ndipo zonse zinali bwino. Lachisanu m'mawa ndinalumikiza waya wake ku kabokosi kokuzira mawu, kabokosiko ku rekoda. Kanyali ka kabokosi kanayaka, ine n'kukakhulupirira osamvera kaye. Kupusa kwanga n'kumeneko.

Achimwene anaimba nyimbo zisanu ndi ziwiri, uku akutsokomola. Atapita kukapuma ndinati ndimvere. Murekodamo munali phokoso lokhalokha, mawu awo munalibe.

Ndinatsegula maikolofoni. Batire linali lina, lophwanyika m'mbali, zipsera za mano a munthu zikuonekera, likuchucha madzi onunkha amene anali atayamba kudya zitsulo.

Mkamwini wanga Eduardo anali pakhonde, akumvera wailesi.

"Akamwini, batire langa lili kuti?"

"Lili muwailesimu, bambo. Koma musadandaule, ndinakuikirani lina. Ndinaliyanika padzuwa tsiku lonse, n'kuliluma bwinobwino. Likatero limadzuka!"

Ankayankhula monyadira, ngati wandithandiza.

Ndinapita kwa achimwene kukapempha kuti abwereze.

"Ndinati kamodzi, Omari. Mpweya wina ndiutenga kuti?"

Sanaimbenso. Mkamwiniyo mpaka lero amadya chambo pakhomo panga ndi mano omwewo.