Matikiti Asanu a Mayi Dorvil

"Bambo inu, matikiti athu asanu aja ali kuti?" anafunsa Mayi Dorvil akugogoda tebulo ndi chala. "Munati ola limodzi ndi theka. Wotchi yanu yomweyo ikuti maola awiri akwana."

Wogulitsayo, mzungu wa mano oyera dzina lake Kyle, anamwetulira ngati amuuza nthabwala. Anati matikiti alipo, sathawa, koma aone kaye ndi maso awo nyumba imene ankagulitsa.

Mayi Dorvil ndi abale awo anachoka ku Miami Loweruka, mabanja atatu, kudzachita lendi nyumba ya zipinda zisanu ku Kissimmee kwa sabata imodzi. Zimene anasonkha zinathera pa nyumbayo, mafuta a galimoto ndi matikiti a akuluakulu awiri operekeza ana ku paki ya zisangalalo. Ndalama za matikiti a anawo zinasowa. Ndiye pa kasitolo ka malalanje m'mbali mwa msewu, mtsikana wina anawauza za hotela yopereka matikiti ulere kwa mwamuna ndi mkazi wake, bola apite kukamvera za malonda ake. Adzukulu asanu a Mayi Dorvil anali atauzidwa kale kuti mawa akukakwera masitima ozondoka a ku pakiyo.

Oitanidwa anali Guerline, mwana wamkazi wa mayiwo, ndi mwamuna wake Fritznel. Mayi Dorvil sanaitanidwe, anangolowa m'galimoto. Mkamwini wawoyo ankamudziwa. Anali munthu wabwino, woyendetsa basi ya ana asukulu, koma mawu akuti ayi ankamulemera pakamwa ngati mwala. Ndipo malonda ake anali otere: ugule sabata imodzi pachaka m'nyumba ya zipinda zitatu pahotelapo, ikhale yako chaka ndi chaka mpaka kalekale.

Kyle anakwera nawo pachikepe mpaka pamwamba. Atatsegula chitseko, Fritznel anangoti kukamwa yasa. Makatani aatali, khonde loyang'ana dziwe losambiramo, ndipo patali nsanja za paki ija zikunyezimira padzuwa. Kyle anati mumagona anthu khumi mosapanikizana.

Mayi Dorvil sanayang'ane panja n'komwe. Sukulu anangoilawa zaka ziwiri kwawo ku Jacmel, koma anatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu akuyala mabedi m'mahotela a ku Miami Beach, ndiye chipinda ankachiwerenga monga ena amawerengera nyuzipepala. Anatukula matiresi. Ananunkhiza thaulo. Anatsegula kabati ya kukhitchini n'kupeza mapoto akadali ndi timapepala ta m'sitolo kunsi kwake.

"Muno simunagonepo munthu," anatero. "Thaulo ili madzi silikuwadziwa. Tionetseni momwe tizidzagona ifeyo."

Kyle anati zonse n'zofanana ndendende, kungoti zinazo muli alendo.

"Ndiye mwati khumi? Mabedi ndaona atatu. Awiriawiri, ndi anthu asanu ndi mmodzi. Anayi enawo muziwakoleka pamsomali?"

Kyle analoza masofa awiri a pabalaza, nati amatambasuka n'kukhala mabedi. Mayi Dorvil anakoka imodzi ndi dzanja limodzi, monga anachitira kambirimbiri pantchito, n'kumuuza kuti agonepo. Kyle anaseka, anagona. Chitsulo cha pakati pa sofayo chinamupeza pamsana, ndipo anadzuka msanga akukonza tayi. Guerline anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Potuluka anakumana ndi mayi wina wa yunifolomu ali ndi ngolo ya mathaulo pakhomo la chipinda chotsegula. Iye ndi Mayi Dorvil anangoyang'anana kamodzi n'kupatsana moni m'Chikiliyo, chiyankhulo cha kwawo. Ena aja akulowera kuchikepe, Mayi Dorvil anagwira mbali ina ya nsalu imene mnzawoyo ankapinda, n'kumuthandiza. Sanamufunse chilichonse cha mabwana ake, ntchito ya munthu saiseweretsa. Anangoponya maso m'chipindamo. Kapeti inali yothothoka, ndipo zenera linkayang'ana poimika magalimoto.

Pansi panali chiholo cha matebulo ngati makumi atatu, patebulo lililonse banja ndi wogulitsa wake. Wina akasayina, ankaliza kabelu, ogulitsa onse n'kuwomba m'manja. Kyle anapita kukatenga bwana wake, bambo wa mawu ofatsa ngati m'busa. Bwanayo anafufuta mtengo woyamba, nalemba wina wotsika pafupifupi ndi theka, n'kunena kuti umenewo ndi wa lero lokha. Fritznel anali atagwira kale cholembera. Guerline anawatsina amayi ake kunsi kwa tebulo.

"Chogulitsa lero lomwe ndi nsomba, bwana, chifukwa mawa inunkha," anatero Mayi Dorvil. "Nyumba yanuyi inunkha mawa?"

Bwanayo anaseka mwaulemu. Iwo sanaseke. Anamufunsa ngati munthu akamaliza kulipira mtengowo ndiye kuti basi. Iye anati pamakhala kangachepe pachaka kosamalira malowo. Kamakwera? Mwa apo ndi apo. Nanga chaka chimene munthu sanabwere? Kamalipiridwabe. Nanga mwiniwake akamwalira? Apa bwanayo anawala nkhope, nati ndipo pali ubwino wake, chifukwa sabatayo imakhala cholowa cha ana.

"Ndiye kuti mkamwini wangayu akadzamwalira, ana ake azidzalipirira bedi losagonapo, chaka ndi chaka, mtengo ukukwera. Ndamva bwino?"

Anayankhula ndi mawu amene ankaitanira anzawo kuchokera kumapeto a khonde la hotela. Patebulo loyandikana nalo, mayi wina anaika pansi cholembera n'kufunsa wogulitsa wake ngati n'zoona. Kuseri kwake bambo wina anayamba kuvundukula mapepala ake kufuna pamene zalembedwa.

Cholembera cha Fritznel Mayi Dorvil sanachilande. Anatembenukira kwa iye n'kutsitsa mawu.

"Akamwini, ndalama ndi zanu, dzanja ndi lanu. Ine ndangoti muone kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mawa muzichifunabe, ndidzakuperekezani ndine."

Fritznel anayang'ana pepala, anayang'ana mkazi wake, kenaka anachiika cholembera chija patebulo pang'onopang'ono ngati dzira. Bwanayo anaimirira, nati sakufuna kuwachedwetsa, akatengere mphatso yawo pawindo la potulukira.

Pawindopo anawapatsa envulopu. Guerline anathokoza n'kuyamba kuyenda, koma amayi ake anamugwira mkono, anang'amba envulopuyo pomwepo n'kuwerenga. Matikiti anali anayi. Wapawindoyo anati kompyuta ikuonetsa anayi, palibe chimene angachite.

Mayi Dorvil anatulutsa m'chikwama kapepala ka ku sitolo ya malalanje kuja. Dzulo lake anaumirira kuti mtsikanayo alembepo chiwerengerocho ndi dzanja lake, asayinenso. Zilembo zinkawavuta, koma nambala faifi ankaidziwa ngakhale itazondoka.

"Adzukulu anga ndi asanu, chemwali. Tiyeni tipitire limodzi mukasankhe nokha wotsala pakhomo mawa, mukamuuzenso nokha. Apo ayi ndibwerera m'holo muja, mafunso ena ndinawaiwala."

Wapawindoyo anaimba foni. Sipanathe mphindi ziwiri, bwana uja anatulukira akuyenda mothamanga, tikiti yachisanu ili m'manja. Mayi Dorvil anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, anauza Guerline awerenge tsiku lake mokweza, ndipo atamva kuti ndi ya mawa, anamupatsa bwanayo dzanja n'kumuthokoza chifukwa cha khofi.

M'galimoto Fritznel anayendetsa mpaka pamaloboti achiwiri. Kenaka anayankhula osacheuka.

"Manman, amayi anga, musandione ngati chitsiru. Ine ndimafuna kuti inuyo muzikhala ndi chipinda chanuchanu chaka chilichonse. Mwayalira anthu mabedi moyo wanu wonse. Ndimati nanunso wina azikuyalirani."

Guerline anayang'ana pansi. Mayi Dorvil anayang'ana pazenera, masitolo a zidole ndi zipewa akudutsa, envulopu ili pamiyendo. Anatulutsa mpango n'kumina mwamphamvu, nati mphepo ya m'galimoto yachuluka.

"Nanga zimenezo mpaka kusayinira pepala?" anatero. "Mawa musanapite ku paki mubwere kuchipinda kwanga mudzayale. Ine ndikhala pampando. Mukapinda ngodya molakwika, mubwereza."